Belu la Bedigas

Tsiku limene Norine Castanier anavula belu m'khosi mwa ng'ombe yake yokalamba Bedigas, a Firmin anakana kudya naye nkhomaliro. Anatenga buledi wawo ndi kachidutswa ka soseji, n'kukakhala pachitsa kuseri kwa khola, atamufulatira. Norine sanawalondole. Ankawadziwa bwino akuluwo. Ndiwo anali mbusa wamkulu wa malemu bambo ake, ndiwo anamukweza pa kavalo koyamba asanadziwe n'komwe kudzipukuta mamina, ndipo akanyanyala sankafuna munthu wowanyengerera. Ankangofuna kuti aliyense aone kuti anyanyala.

Kwathu kuno ku Camargue, kumene mtsinje wa Rhône umagawikana usanalowe m'nyanja, ng'ombe zathu zakuda sizimvera munthu. Zimabadwira m'dambo, zimakulira m'bango ndi m'madzi a mchere, ndipo munthu woyenda pansi zimangomuona ngati chinthu choti chichotsedwe panjira. Chimene zimamvera ndi simbeu, ng'ombe yothena yofatsa imene imavala belu. Simbeu akalowera kumanzere, msambi wonse kumanzere. Nkhunzi ikakana kutuluka m'bwalo la masewera, anyamata ovala zoyera atatha mpweya poithamangira kuti aithothole kansalu kofiira ka pakati pa nyanga, amatsegulira simbeu. Belu likangolira, chilombo chimene chimafuna kupha anthu chija chimatsatira pambuyo mwakachetechete mpaka m'khola. Anthu amaimirira kuombera m'manja nkhunziyo, ndipo simbeu amatuluka popanda womufunsa dzina.

Ntchito imeneyi Bedigas anaigwira kuyambira a Honoré, bambo ake a Norine, akadali ndi mphamvu zawo. Tsopano anali atatha. Msana unalowa, nthiti zinkawerengeka munthu ali patali, diso limodzi linachita ng'ala, ndipo nyanga yakumanja inali itapindikira pansi. Pa masewera otsiriza a chaka chimenecho anamuchititsa Norine manyazi osasimbika. Atamutsegulira kuti akatulutse nkhunzi, iye analowa pang'onopang'ono, n'kuima pakati penipeni pa bwalo, n'kuyamba kubzikula akuyang'ana anthu. Bwalo lonse linafa nalo phwete. Wina anakuwa kuti amubweretsere mpando ndi nyuzipepala. M'mawa mwake Norine anamasula belu lija n'kuveka Calu, ng'ombe yothena yachinyamata, yonyezimira, yoyenda ngati yachedwa kwinakwake.

"Mwalimva mmene likulirira belu lija pa Calu?" Norine anawafunsa a Firmin tsiku lotsatira, akumasula zishalo pa akavalo.

"Ndamva. Likulira ngati la mbuzi."

"Belu ndi belu, a Firmin."

"Eya, chipewanso ndi chipewa. Vula changachi ukaveke mnansi wathu Baptistin, tione ngati akavalo amutchule Firmin."

"Ndiye mukufuna ndizisekedwa mudzi ndi mudzi chifukwa cha nkhalamba yobzikula pakati pa bwalo?"

"Nkhalamba zobzikula tilipo awiri pano, mwana wa Honoré. Inenso tsiku langa udzandiuziretu, ndidzamete ndevu."

Mawuwo anamubaya Norine, koma ankadziwa kuti mwambo sanaulakwire. Simbeu akakalamba belu limapita kwa wina, iye n'kulowa m'poto pa phwando lodinda matole chizindikiro. Manda ndi a nkhunzi zotchuka zokha. Kwa a Castanier kunali manda amodzi otere, pachitunda cha kuseri kwa nyumba, manda a Pebre, nkhunzi imene inatchukitsa dzina la a Honoré m'mabwalo onse a chigawo chino. Pebre anamuika monga timaikira ngwazi zathu: chiimire, miyendo yonse inayi ili pansi, mutu utayang'ana kunyanja. Theka la msambi wa Norine linali ana ndi zidzukulu za Pebre. Ng'ombe munthu angagule kulikonse, koma magazi amenewo anayamba kuwasankha ndi agogo ake a Norine, ndipo akanati athe, panalibe msika wokawapezanso.

Nkhani ya poto ndi imene inamukondweretsa Baptistin Jouve, mnansi wawo wolima mpunga. Iye ndi Norine anaphunzira kalasi imodzi, ndipo kuyambira nthawi imeneyo sanaleke kukangana. Masiku ano ankakanganira madzi, poti wa mpunga amawafuna pamene wa ng'ombe akufuna aphwe. Anaimitsa thirakitala yake pampanda, n'kutulutsa mutu.

"Mayi wa nyanga, ndamva kuti mdala wanu uja wapuma pantchito. Mpunga ndibweretsa ine, vinyo ndibweretsa ine. Iwe udzangomuwiritsa mpaka Isitala, mwina mano angalowe."

"Mano ake ati? Ako aja anathera m'mpunga wosaphika," anatero Norine. "Bwera ndi mbale yako, ndidzakupatsa ziboda."

Anaseka onse awiri. A Firmin, amene anali pafupi akusoka chingwe cha kavalo, sanaseke nawo.

Bedigas mwiniwake sanadandaule kwa wina. Anangosiya kuyenda ndi anzake. Msambi ukamadya uku, iye ankaima uko, yekhayekha, atalozetsa mchira kumphepo, kakowa mmodzi ali pamsana pake. Norine akamadutsa pa kavalo ankayang'ana kumbali.

Ng'ombezo nyengo yotentha yonse zimakhala kudambo la kumunsi, kufupi ndi nyanja, ndipo kukayamba kuzizira timazikweza kumtunda. Nthawi ya a Honoré ulendowu unali wa pansi. Abusa ankasonkhana ndi akavalo awo oyera, simbeu patsogolo, kudutsa njira yakale yokhotakhota m'bango mpaka pa ngalande yaikulu, pamalo amodzi okha owolokera pamene agogo ake a Norine anathirapo miyala. Koma Norine atatenga msambi anagula lole. Lole siifuna abusa khumi oti uwaphikire, ndipo siiledzera. Anamanga kakhola kokwezera ng'ombe m'mphepete mwa msewu, pansi pa dambolo, ndipo njira yakale ija inamera bango. Ng'ombe zonse zobadwa pambuyo pake, Calu yemwe, zinkadziwa chinthu chimodzi: abusa akabwera kudzakusonkhanitsani, mukupita ku kakhola ka lole.

Chaka chimenecho msipu kudambo unakhalitsa, ndipo Norine anati ng'ombe zibadyako pang'ono, udzu wouma usungike. A Firmin anamutsina khutu kawiri konse kuti kumapiri mvula yanyanya. Iye ankangoti mawa. Kenako mphepo inatembenuka, inayamba kuchokera kunyanja, yofunda ndi yachinyezi, ija imakankha mafunde kukamwa kwa mtsinje mpaka mtsinjewo kusowa kotayira madzi ake. Aliyense wobadwira kuno amaidziwa mphepo imeneyo, ndipo Norine anaganiza zoti m'mawa mwake atulutsa lole.

M'mawa mwakemo, khofi akadali pamoto, foni inalira. Anali Baptistin, ndipo mawu ake analibe nthabwala.

"Norine, khoma lotchinga mtsinje lagumuka kumtunda kwa munda wanga. Madzi akutsikira kudambo kwako. Msewu wamira kale, lole usayerekeze."

Norine anaika foni pansi. Atatuluka panja anapeza a Firmin atamanga kale zishalo pa akavalo awiri, ndodo zazitali za mano atatu zili chotsamira khoma. Sananene kuti ndinkanena ine.

Anadzera pamwamba pa khoma la ngalande mpaka pamene linathera, kenako akavalo analowa m'madzi n'kusambira kuwolokera kudambo. Akavalo athu madzi sawaopa, koma ngakhale iwo ankapuma mwamantha, poti madziwo ankakoka. Dambo lonse linali litasanduka nyanja yofiirira ya matope. Timipanda, tinjira, tingalande tating'ono, zonse zinali pansi. Nsonga za bango zokha ndi zimene zinkaoneka, zikugwedera. Paja akulu amati madzi saiwala khwawa. Malo onsewa anali a mtsinje tisanabwere ife ndi makoma athu, ndipo tsiku limenelo mwini wake anabwera kudzawaona.

Msambi anaupeza utaunjikana pa kachulu kotambalala, madzi ali m'maondo mwa zazikulu, matole ali m'mimba. Zinkalira mosalekeza. Kumtunda kunkaoneka bwinobwino, mzere wa mitengo ndi denga la nyumba, koma pakati panali ngalande yaikulu ija, yakuya, ya magombe otsetsereka ndi matope omata. Kavalo wamphamvu angaisambire n'kukwera tsidya lina. Thole kapena ng'ombe ya bere ikalowa pamalo olakwika situlukamo.

"Powolokera paja ndi pati, a Firmin?"

Akuluwo anaimirira pa zopondera, dzanja lili pamphumi, n'kuyang'ana uku ndi uku nthawi yaitali.

"Panali chitsamba cha tamarisi ndi mtengo wozika," anatero. "Mtengowo unawola kalekale. Chitsambacho sindikuchiona. Madzi onsewa afanana, mwanawe, ndipo maso angawa si aja."

"Tiyeni tizikankhe chakumtunda, tikafufuzira konko."

Apa ndi pamene Norine analakwitsa kachiwiri. Atangoyamba kukuwa ndi kuzungulira msambi monga amachitira nthawi zonse, Calu anamva kuti nthawi ya ntchito yakwana. Anatukula mutu, n'kuuyamba ulendo mwachangu chake chija, belu likulira, kulunjika ku kakhola ka lole. Sanalakwe kanthu mwana wa eni, ankachita zimene anaphunzitsidwa. Koma kakholako kanali pamalo otsikitsitsa m'dambo lonse, kumene madzi ankathamangira mwaukali atanyamula mitengo ndi migolo. Ndipo msambi wonse, ana ndi zidzukulu za Pebre, unatsika pa kachulu kaja n'kuyamba kutsatira belu.

"Belu, Norine," a Firmin anakuwa. "Litseke pakamwa belulo!"

Norine anamenya kavalo ndi zidendene. Madzi anafika pachifuwa pa kavalo, kenako pachishalo. Calu anali atayamba kale kusambira, mphuno ili m'mwamba, maso ali psuu, belu likugogoda pamadzi. Norine anaponya ndodo yake, n'kusolola mpeni m'thumba, n'kuwerama mpaka tsaya lake linakhudza ubweya wonyowa wa ng'ombeyo. Nyanga inamukwapula paphewa. Anagwira chikopa cha belu ndi dzanja limodzi, n'kucheka ndi linalo, kucheka, kucheka, mpaka chinaduka. Belu linatsala m'manja mwake. Analowetsa zala m'kati mwake n'kugwira lilime lake kuti lisalirenso.

Kunangoti zii, kupatula mkokomo wa madzi. Ng'ombe zakutsogolo zinaima, zinazunguzika, ndipo a Firmin analowa pakati ndi ndodo yawo n'kuzibweza. Calu, posamvanso belu lake, anasokonezeka, anazungulira kawiri n'kusambira kubwerera kwa anzake. Zonse zinakweranso pa kachulu kaja. Koma kachuluko tsopano kanali katachepa, ndipo matole ang'onoang'ono ankatukula zibwano kuti apume.

Norine anakhala pa kavalo, belu lili pachifuwa, atagwira njakata. Ankaona msambi wa bambo ake ukutha iye akuyang'ana, ndipo wolakwa anali iye mwini, panalibe wina womuloza chala. Atatembenuka kuti anene zimenezi kwa a Firmin, anapeza akuluwo sakuyang'ana iye. Ankayang'ana chakumadzulo.

Kumeneko, patali pang'ono ndi anzake, Bedigas anali chiimire m'madzi, mchira kumphepo, kakowa wake ali pamsana. Pa chipwirikiti chonse chija iye sanasunthe ngakhale phazi. Ndipo chinthu china Norine anachiona: madzi amene ankafika m'mimba mwa ng'ombe zina, kwa iye ankangolekeza m'maondo. Nkhalambayo inali itaima pa njira yakale.

"Wayendamo kangati m'njira imeneyi?" Norine anafunsa, mawu ali pansi.

"Chaka ndi chaka, mpaka tsiku limene unagula chigalimoto chako chija. Mwa zonsezi watsala ndi iye yekha."

"Chikopa ndachidula. Ndimangira chiyani?"

A Firmin anamasula lamba wa buluku lawo, wachikopa chakuda, wokalamba ngati mwini wake, n'kumupatsa.

"Buluku likagwa usayang'ane," anatero.

Norine anatsika pa kavalo. Munthu wanzeru satsika pansi ng'ombe zathu zili pafupi, koma nzeru zinali zitamuthera kale tsiku limenelo. Madzi anamufika m'chiuno, ozizira ngati mpeni. Anayenda mpaka pamene panali Bedigas, mapazi ake akumva nthaka yolimba pansi pa matope. Ng'ombeyo inamuyang'ana ndi diso lake labwino lija. Norine anapisa lamba m'chogwirira cha belu, n'kumukoleka m'khosi, manja akukanika kumanga chifukwa cha kuzizira.

"Bedigas, mdala wanga," anatero, "ndinakulanda pamaso pa anzako, ndikukubwezera pamaso pa anzako. Ukakana sindikudandaula. Koma taona anawo."

Bedigas sanasunthe. Anabzikula kamodzi, kawiri, monga anachitira m'bwalo muja, ndipo ulendo uno panalibe woseka. Kenako a Firmin anaika manja kukamwa n'kuitana kuitana kuja ankaitana a Honoré poyamba ulendo wa kumtunda, mawu aatali otsika kumapeto, amene Norine anali asanawamve chimwalirire bambo ake. Khutu la Bedigas linagwedera. Anapukusa mutu, kakowa anauluka, ndipo belu linalira kulira kwake kwakale, kolemera, kosafulumira. Pa kachulu paja mitu yonse inadzuka nthawi imodzi.

Anauyamba ulendo. Koma sanalunjike kumtunda kumene kunkaoneka nyumba. Analowera chakumadzulo, ngati akupita kunyanja, msambi uli pambuyo pake mondondozana. Norine anakweranso pa kavalo mofulumira.

"Akusochera, a Firmin. Ndikamubweze."

"Wamubweza kokwanira chaka chino. Musiye."

Anamusiya. Njira yakale ija sinali yowongoka, poti anthu akale sankalimbana ndi dambo, ankalizungulira. Bedigas ankayenda pang'ono, n'kuima, n'kununkhiza madzi, n'kukhota pamalo pamene maso a munthu sankaona chifukwa chokhotera. Paliponse pamene ankaponda, madzi sankapitirira m'mimba. Ng'ombe imodzi yopupuluma inapatuka pang'ono pamzere, nthawi yomweyo inamira mpaka m'khosi, ndipo inabwerera yokha itaphunzira. Norine ndi a Firmin anali kumbuyo, akukankha matole otopa ndi zifuwa za akavalo. Mvula inayamba, inaleka, inayambanso. Belu lokha silinaleke.

Atafika pa ngalande yaikulu Bedigas anaima nthawi yaitali, miyendo ikunjenjemera moonekeratu. Panalibe chitsamba, panalibe mtengo, panalibe chizindikiro chilichonse. Kenako analowa. Madzi anamufika pamsana, anamumiza mpaka kutsala mphuno ndi nyanga, belu linasiya kumveka. Ndiyeno msana uja unatulukanso, belu linakhosomola madzi n'kuliranso, ndipo nkhalambayo inakwera tsidya lina pa miyala ya agogo ake a Norine, imene inali ikadali pomwepo kudikira. Msambi unatsatira. Zazikulu zinayenda, matole anasambira atatsamira amayi awo. Thole limodzi lofooka madzi analilanda pakati pa ngalande, ndipo Norine analithamangira osalipeza. Zina zonse zinawoloka.

Kumtunda anapeza Baptistin atadula waya wa mpanda wake womwe, uja ankati ng'ombe ya Norine ikadzangoukhudza adzakaonana kubwalo la milandu. Anali atatsegula munda wake wokolola kale, ngolo ya udzu wouma ili pomwepo, botolo la khofi lili m'manja. Munda wake wa kumunsi unali utamira nawonso, koma za izo sananene.

"Mwachedwa," anatero, akupereka khofi kwa a Firmin. "Ndimati mwina mwaima penapake kuwedza nsomba." Kenako anaona lamba m'khosi mwa Bedigas, anaona a Firmin atagwira buluku ndi dzanja limodzi, n'kutseka pakamwa.

Bedigas anayenda mpaka pakati pa mundawo, anadikira kuti ng'ombe yotsiriza ilowe, ndiye n'kugona pansi. Sanadzukenso. Anamunyamula pa ngolo ya Baptistin kupita naye m'khola la akavalo, pouma, ndipo Norine anamufunditsa bulangeti la kavalo wa bambo ake. Dokotala wa ziweto atabwera anamvetsera pachifuwa, n'kunena kuti madzi analowa m'mapapo, ndipo pa msinkhu umenewo mankhwala angothandiza kuti asavutike. Norine ankamubweretsera udzu wanthete ndi madzi ofunda, n'kumakhala naye akumukanda pakati pa nyanga. Ankamuuza zinthu zambiri, zina zoti sanauzepo munthu. Belu sanalivule. Madzi kudambo atayamba kuphwa, m'mawa wina anamupeza atatambalala, atazizira.

A Firmin anavula chipewa pakhomo la kholalo.

"Ndiwaimbire a galimoto yotenga nyama zakufa?" anafunsa.

"Ayi. Imbirani Baptistin abwere ndi katapila wake. Chilolezo ndikapempha ndekha."

Akuluwo anamuyang'ana. Iwo ndiwo ankamukonda Bedigas kuposa aliyense, koma analinso munthu wa mwambo, ndipo mwambo ukawagwira pakhosi sankaumeza.

"Norine, simbeu saikidwa m'manda. Chiimire ndi cha nkhunzi za mayina. Anthu adzati mwana wa Honoré wazungulira mutu."

"Adzatero ndithu. Koma tandiuzani, a Firmin, pa masewera otsiriza a Pebre, bwalo lonse litaimirira, iye atakana kutuluka, anakamutenga ndani?"

A Firmin anatembenuza chipewa m'manja.

"Bedigas anali kamnyamata nthawi imeneyo," anatero. "Chaka chake choyamba ndi belu. Bambo ako ankaopa kuti Pebre amupha. Koma anangolowa, n'kumuzungulira kamodzi, Pebre n'kumutsata." Anapukuta mphuno ndi chikhatho. "Ndikaimba foniyo."

Kukumba manda a ng'ombe yoimirira si masewera, makamaka nthaka itakhuta madzi. Baptistin anabwera ndi katapila ndi pampu yake ya m'munda wa mpunga, poti dzenjelo linkadzaza madzi akamakumba. Atafika pachitunda analoza malo a pambali pa mwala wa Pebre.

"Apa?"

"Ayi," anatero Norine. "Kutsogolo kwake, chakunyanja. Pebre akhale pambuyo."

Baptistin anaona nkhope ya Norine, n'kuyamba kukumba. Mbiri inali itamveka, ndipo abusa a misambi yoyandikana anayamba kufika pa akavalo awo, atavala malaya a tsiku la chikondwerero, ndodo zili m'manja. Ena anabwera kudzaona misala ya mwana wa Honoré, osabisa. Koma atafika anavula zipewa monga anzawo. Anamutsitsa Bedigas ndi malamba a nsalu, pang'onopang'ono, amuna anayi atagwira zingwe kuti asapendekeke, ena akuthira dothi ndi kulipondaponda kuzungulira miyendo mpaka anaima yekha, mutu utayang'ana kunyanja.

"Mbale yanga ija ndinaitsuka pachabe," anatero Baptistin, ali pa katapila. Kenako anayamba kufufuza kanthu kosaoneka pansi pa mpando.

Dothi litafika pachifuwa, a Firmin anagwira Norine pamkono.

"Belu silipita m'manda, mwanawe. Msambi ukadalipo. Calu ndi wopusa, koma uyunso anayamba ali wopusa. Madzi akaphwa tikazika mitengo m'njira monse muja, ndipo chaka chamawa tidzayenda pansi, aione ndi mapazi ake."

"Tidzayenda pansi," anatero Norine. "Abusa khumi ndidzawaphikira."

Anaika makwerero n'kutsikira m'dzenjemo. Anaima maso ndi maso ndi nkhalambayo, n'kuika dzanja pamphumi pake pozizira. Chisoni chinalipo, manyazi analiponso, koma chimene chinadzaza mtima wake mpaka kusefukira m'maso chinali kuthokoza. Ankathokoza ng'ombeyi, agogo ake amene anathira miyala, bambo ake amene anaiyendetsa m'njira ija mpaka inalowa m'mafupa, ndi nkhalamba inayo imene inaima pamwamba pa dzenje itamanga buluku ndi chingwe cha udzu.

"Ulendo uno ndikupempha, mdala wanga," anatero. "Ndibwereke belu. Zikomo. Zikomo kwambiri."

Anamasula lamba, n'kusolola belu, n'kutukula lambayo kuti awapatse eni ake.

"Mumangirenso," anatero a Firmin. "Asapite khosi lili lokha."

Norine anamanganso lamba uja m'khosi mwa Bedigas. Pokwera makwerero anafuna manja onse awiri, choncho anakoleka belu pamkono, ndipo lilime lake linamasuka. Linalira kamodzi, kenako kawiri, kulira kwake kolemera kuja.

Kutsidya kwa mpanda, m'munda wa Baptistin, msambi unali ukudya. Mitu yonse inadzuka. Ng'ombe yaikazi yaikulu, mdzukulu wa Pebre, inayamba kuyenda, ina inatsatira, kenako zonse, zakuda bii, mondondozana, matole ali pambali pa amayi awo, Calu ali pakati pa anzake. Zinakwera chitunda mpaka pawaya, n'kuima pamenepo zikuyang'ana kudzenje, zikudikira kuti auyambe ulendo.

Baptistin anazimitsa injini. Norine anaima pamwamba pa makwerero, ndipo dzanja lake linapita lokha kukagwira lilime la belu, koma analibweza. Analisiya lilire pang'ono, kenako anatola fosholo.